3 June ikubwera: za anyamata a ku Namugongo ndi za athu amene Shire sanatibwezere

Katekisiti wa ku Muona: Moni nonse abale ndi alongo. Ndikudziwa kuti pagulu pano timakonda kukambirana za mtengo wa thonje ndi za msewu, koma lero ndiloleni ndiponyepo za Mulungu. Pa 3 June ife Akatolika timakumbukira Amaritiri a ku Uganda. Ndaona kuti achinyamata ambiri dzina la Kizito amalidziwa chifukwa cha kwaya kapena sukulu, koma ukawafunsa kuti anali ndani amangoyang'anana.

Nkhani yake ndi iyi. Mfumu ya Buganda, Kabaka Mwanga II, inali ndi anyamata ambiri otumikira kunyumba yachifumu. Ena mwa iwo anayamba kuphunzira chikhristu kwa amishoni a Anglican amene anafika mu 1877, ena kwa ansembe a White Fathers amene anafika mu 1879. Mu October 1885 Mwanga analamula kuti Bishopu James Hannington wa Anglican aphedwe ali paulendo ku Busoga. Mkulu wa anyamata aja, Joseph Mukasa Balikuddembe, Mkatolika, anaidzudzula mfumu pamaso. Pa 15 November chaka chomwecho anamudula mutu n'kutentha thupi lake. Amene anatsala akuyang'anira akhristu kunyumba yachifumu anali Charles Lwanga. Kumapeto kwa May 1886 mfumu inapsanso mtima, ndipo Lwanga ataona kuti zinthu zaipa anabatiza usiku mobisa anyamata amene anali akadali m'kalasi, mmodzi mwa iwo Kizito, wa zaka ngati 14. Anthu a mfumu anawamanga anyamata achikhristu aja, anawayendetsa wapansi kuchoka ku Munyonyo mpaka ku Namugongo, kumene anadikira pafupifupi sabata nkhuni zikusonkhanitsidwa. Pa 3 June 1886, lomwe chaka chimenecho linali Lachinayi la kukwera kumwamba kwa Ambuye, anawakulunga m'mabango n'kuwaika pamoto. Kuyambira 1885 mpaka 1887, ophedwa amene mayina awo amatchulidwa ndi Akatolika 22 ndi a Anglican 23. Papa Paul VI analengeza 22 aja kukhala oyera pa 18 October 1964, dziko lathu litangotha miyezi itatu lili pa ufulu.

Wakabaza Nchalo: A Katekisiti pepani, ndifunse mwachibwana. Mwana wa zaka 14 ameneyo akanangoti "ndasiya kupemphera" pakamwa pokha, mumtima n'kumapempherabe, Mulungu akanamukwiyira? Mng'ono wanga ali ndi zaka zomwezo. Wina atabwera ndi moto ine ndingamuuze kuti nama m'bale wanga, tidzalapa mawa.

Make Chisomo (Ngabu): Mwana wanga, si iwe woyamba kuganiza choncho. Petro anakana katatu usiku umodzi, pamaso pa mtsikana wantchito, ndipo Yesu sanamutaye. Ndiye ine sindingaweruze munthu amene wathawa moto. Koma nkhani ya anyamata aja sinali ya pakamwa pokha. A Katekisiti fotokozani bwino, musazungulire chifukwa pali ana pano.

Katekisiti wa ku Muona: Zoona mayi. Mfumu inkafuna kuchita zachisembwere ndi anyamata aja, ndipo Mukasa, pambuyo pake Lwanga, ankawabisa ndi kuwalimbikitsa kuti akane. Ndiye kunena kuti "ndasiya" kunkatanthauza kubwerera m'manja mwa mfumu ija. Panalinso mnyamata wina dzina lake Mbaga Tuzinde, wa m'banja la Mukajanga, mkulu wa opha anthu aja. Abale ake anamuchonderera masiku onse aja kuti angokana, amubise. Iye anakana kusiyana ndi anzake. Mukajanga chimene anatha kumuchitira ndi kulamula kuti amumenye chibonga pakhosi afe kaye, kuti moto usamupeze wamoyo. Ine ndikamawerenga pamenepa ndimaima kaye, chifukwa ndimaganizira mkulu uja kuposa mnyamatayo.

Wakabaza Nchalo: Eeh. Izi sindinazimvepo.

Mlamu wa ku Joni: Ine ndibwere ndi zanga zija mumadana nazo. Mwanga anali mnyamata wa zaka zosakwana 20 pamene ankalowa ufumu, azungu akumuzungulira mbali zonse, Ajeremani kum'mawa, Angerezi akubwera. Anaona kuti ana a m'nyumba mwake akumvera mlendo kuposa mfumu yawo. Pomaliza Angerezi aja anamulanda dziko n'kukamutaya ku Seychelles, kumene anakafera mu 1903. Ndiye mantha ake anali abodza? Izi zinali ndale, ife timangozivala mkanjo wa tchalitchi.

Aphunzitsi a pa Chikwawa Boma: Alamu, pa mantha a Mwanga simukunama, ndale zinalipo. Ngakhale bambo ake, Mutesa, anaphapo anyamata achisilamu cha m'ma 1870 pa chifukwa chofanana, choti ayamba kumvera lamulo lina loposa la mfumu. Koma mantha a mfumu sasandutsa kutentha ana kukhala chilungamo. Ndipo anyamata aja sanafere Mngerezi kapena Mfalansa. Palibe mzungu anapsa pa Namugongo.

Ine ndine wa Anglican, ndiye ndikumbutse kuti athu anapsa pamoto womwewo, ndipo Papa Paul VI sanawaiwale, anawatchula powalengeza anzawo aja. Mpaka lero pa Namugongo pali malo awiri, a Akatolika ndi a Anglican, ndipo anthu amayenda wapansi masabata kuchokera ku Kenya, Tanzania ndi ku Congo kuti akafike pa 3 June.

Komanso tisamangoyang'ana kutali. Chigwa chathu chino chili ndi manda ake. Bishopu Charles Mackenzie wa UMCA, gulu la amishoni a Anglican, amene anayamba mishoni ku Magomero mu 1861, anamwalira pa 31 January 1862 pomwe Ruo amathira mu Shire, kufupi ndi Chiromo. Bwato lawo linagubuduzika, mankhwala a malungo n'kupita ndi madzi. Anzake anatsikira kwa Chibisa kuno ku Chikwawa, ndipo mu 1863 Henry Scudamore ndi dokotala John Dickinson anamwalira komweko. Manda awo alipo mpaka lero, koma ndi angati a ife anapitako?

Mlamu wa ku Joni: Aphunzitsi, kufa ndi malungo ndi kufera chikhulupiriro? Ndiye theka la manda a ku Nsanje ndi amaritiri. Komanso Mackenzie uja anagwira mfuti, anamenyana ndi Ayao kumtunda kuja. Si nkhosa ayi.

Aphunzitsi a pa Chikwawa Boma: Sindinawatche amaritiri, ndati manda. Za mfuti n'zoona, ndipo kwawo ku England anthu a mpingo wake omwe anamudzudzula nazo, ngakhale kuti ankamenyana ndi ogwira akapolo. Chimene ndimafuna kufikapo ndi china. Zaka zomwezo, 1862 ndi 1863, kuno kunagwa chilala ndi njala yoopsa pamwamba pa nkhondo za ukapolo. A Livingstone analemba kuti mitembo inkayandama mu Shire tsiku ndi tsiku, ng'ona zitakhuta. Azungu atatu aja tikuwadziwa mayina ndi masiku. Amang'anja aja, makolo athu enieni, palibe analemba dzina la ngakhale mmodzi. Ndikamva za kuuka kwa akufa ine ndimayamba ndaganiza za iwowo.

Naphiri wa ku Makhanga: Ndakhala ndikungowerenga, koma apa aphunzitsi mwandikhudza. Ine mlongo wanga anapita ndi madzi a Freddy mu March 2023. Anabwerera kukamasula ng'ombe, basi. Tinasaka m'mabango, tinafunsa asodzi mpaka kumunsi, ena anatiuza kuti mitembo ina inaoneka mbali ya Mozambique ndipo anthu a kumeneko anaikwirira pomwe anaipeza. Sitinamupeze. Akuluakulu anati tiike thunthu la nthochi m'manda kuti maliro athe. Tinaika. Koma mayi anga mpaka lero sapita kumanda kuja, amati mulibe mwana wanga mmenemo. Ndiye ndikufunseni inu odziwa Baibulo, pamene lipenga lidzalira, munthu amene manda ake mulibe kanthu adzadzuka kuchokera pati? Si maritiri iye, ndikudziwa. Anafera ng'ombe. Koma funso langa ndi limenelo.

Make Chisomo (Ngabu): Pepani achemwali. Pepani kwambiri.

Wakabaza Nchalo: Pepani mayi. Mulungu akutonthozeni.

Katekisiti wa ku Muona: Achemwali, pepani. Funso lanu si lachilendo mu mpingo, ndipo amene analiyambitsa ndi ozunza akhristu eniake. M'chaka cha 177, mumzinda wa Lyon, dziko limene lero ndi France, akhristu ambiri anaphedwa m'nthawi ya mfumu Marcus Aurelius. Panali bishopu wawo Pothinus, nkhalamba ya zaka zoposa 90, amene anafera m'ndende atamumenya. Panalinso mtsikana kapolo dzina lake Blandina, amene anzake ankaopa kuti sapirira chifukwa anali wofooka thupi, koma ndi amene anatsala womaliza. Anamukulunga mu ukonde n'kumuponya kwa ng'ombe yamphongo.

Tsono mverani zimene anachita ndi mitembo. Anaisiya pabwalo masiku 6, asilikali akulondera kuti akhristu asaitenge. Kenako anaitentha, phulusa lake n'kulisesera mumtsinje wa Rhône. Sanachite izi mwangozi. Kalata imene akhristu otsala analemba, yomwe Eusebius anaisunga m'mbiri yake ya mpingo, imanena kuti cholinga chinali kuwachotsera chiyembekezo cha kuuka, kuti tione ngati Mulungu wawo angawadzutse tsopano. Akunja aja anali atazindikira kuti chimene chikuwalimbitsa anthuwa ndi kukhulupirira kuti thupi lidzauka, ndiye anati tiwononge thupilo mpaka pasatsale ndi fupa lomwe.

Mpingo sunanene kuti a ku Lyon ataya mwayi chifukwa alibe manda. Anyamata a ku Namugongo nawonso ambiri anasanduka phulusa losakanikirana, la Mkatolika ndi la Anglican osalisiyanitsa. Ngati kuuka kumafuna manda abwino, ndiye amene anakhulupirira koposa ndiwo adzatsale. Chivumbulutso 20:13 akuti nyanja inapereka akufa amene anali momwemo. Shire si wamkulu kuposa nyanja. Auzeni amayi kuti akunena zoona, m'manda muja mulibe mwana wawo, koma Mulungu sakamufunafuna m'manda muja.

Naphiri wa ku Makhanga: Za mtsinje wa ku France uja ndikawawerengera amayi madzulo ano. Takhuta.

Mkulu wa mpingo wa Sabata, Bangula: Pa za kuuka ndagwirizana nanu a Katekisiti, mawu onse. Danieli 12:2, 1 Atesalonika 4:16, zili poyera. Pomwe timasiyana ndi apa: inu mumati Kizito tipempherereni. Kizito akugona. Mlaliki 9:5 akuti akufa sadziwa kanthu. Adzadzuka limodzi ndi mlongo wa mayiwa tsiku lomaliza, osati kale. Kuwakumbukira n'kwabwino, kuwapempha ayi.

Katekisiti wa ku Muona: Akulu, nanga Chivumbulutso 6, mizimu ya ophedwa chifukwa cha mawu a Mulungu ili pansi pa guwa ikufuula kuti mpaka liti Ambuye? Ogona amafuula?

Mkulu wa mpingo wa Sabata, Bangula: Magazi a Abele nawo anafuula kuchokera m'nthaka. Magazi ali ndi pakamwa? Ndi chifanizo chimenecho.

Katekisiti wa ku Muona: Ndiye tiwerenge 2 Amakabeo...

Mkulu wa mpingo wa Sabata, Bangula: M'Baibulo langa mulibe buku limenelo, mukudziwa.

Admin: Akuluakulu inu, mkangano uwu unayamba ife tisanabadwe ndipo suthera pa WhatsApp. Mayi afunsa funso la maliro. Tiyeni tikhale pamenepo.

Naphiri wa ku Makhanga: Asiyeni, sakundipweteka. Kaya akugona kaya ali maso, ine chimene ndimafuna kudziwa n'chakuti ndidzamuzindikira? Anali ndi chipsera pachipumi, anagwa mumtengo wa masau tili ana.

Make Chisomo (Ngabu): Achemwali, ife kumvano tinaphunzirapo 1 Akorinto 15. Paulo akuti chimene umafesa si thupi limene lidzakhale, ndi mbewu chabe. Mukabzala mapira kudimba madzi akaphwa, kambewu kaja simudzakaonanso, kamaola, koma chomera chake si chimanga, si mchewere, ndi mapira omwewo. Ndiye adzakhala iye, osati wina. Za chipsera sindinganene motsimikiza, koma Yesu atauka mabala a misomali anali nawo, ndipo Tomasi anamudziwira pomwepo.

Agogo a ku Tengani: Zidzukulu, ndalemberedwa ndi mdzukulu wanga chifukwa maso anatha. Mukukamba za ku Uganda ndi ku France, bwanji za Mbona simukutchula? Iyenso anaphedwa wosalakwa. Adani ake anamuthamangitsa mpaka kuno kumunsi, anamupha ku Ndione, mutu wake n'kuikidwa ku Khulubvi, kumene kachisi wake ali mpaka lero. Makolo athu ankati magazi ake anasanduka mtsinje, ndipo atafa ndi pamene anayamba kugwetsa mvula. Akuluakulu ena ankati azungu ali ndi Yesu wawo, ife tili ndi Mbona. Panali wansembe wachizungu, bambo Schoffeleers, amene anakhala kuno n'kumafunsa nkhalamba za Mbona mpaka kulemba mabuku. Iye sanaone ngati n'zonyansa.

Mtsikana wa Pente, Nsanje Boma: Agogo ndi ulemu wonse, zimenezo ndi za mizimu. Tisasakanize kuwala ndi mdima. Mbona sanauke, Yesu anauka.

Aphunzitsi a pa Chikwawa Boma: Mwana wanga, pa mawu ako omalizawo ndili nawe, ndipo agogo sananene kuti tikapembedze ku Khulubvi. Koma taganiza. Uthenga woti munthu wosalakwa anaphedwa ndi amphamvu, ndipo imfa yake inabweretsa moyo kwa anthu, utafika m'chigwa muno sunapeze makutu atsopano. Makolo anali ataimva kale nkhani yofanana nayo. Ine ndimaona kuti n'chifukwa chake nyimbo za Lachisanu Loyera kuno zimaimbidwa mosiyana ndi kumtunda, anthu amalira zenizeni.

Agogo a ku Tengani: Musiyeni mwanayo, akula. Ine ndili ndi ina yowawa kuposa ya Mbona, ndipo iyi ndinaiona ndi maso angawa asanathe. Mu 1972 pamudzi pathu panali banja la Mboni za Yehova. Anakana kugula khadi la chipani. Anyamata anabwera masana dzuwa likuswa mtengo, anatentha nyumba, anagwetsa nkhokwe, bambo uja anamumenya mpaka kukomoka, zimene anamuchita mkazi wake sindingalembetse kwa mdzukulu. Usiku anawoloka kupita ku Mozambique ndi ana. Anyamata amene anachita zimenezo sanali akunja ngati a ku France aja. Lamulungu lotsatira ena a iwo anali m'kwaya. Mipingo yonse inali phee. Ndiye mukamati chizunzo, musamangoloza Mwanga.

Bambo a Tadala, Bangula: Ine sindilankhulalankhula pagulu pano, koma agogo atchula za kwathu. Boma linatiletsa mu 1967 ndipo chiletso chinachotsedwa mu 1993. Mu 1972 anthu athu masauzande anathawira ku Sinda Misale ku Zambia, kumene ambiri, makamaka ana, anafa ndi matenda, ena anathawira ku Mozambique. Mu 1975 atabwezedwa kuchokera ku Mozambique ambiri anatsekeredwa ku Dzaleka, komwe lero kuli othawa kwawo. Makolo anga anali m'gulu lothawa, ndipo mchemwali wanga wamkulu anaikidwa m'tchire paulendo, malo ake palibe akuwadziwa. Ife sitichita mwambo wa tsiku la ofera, ndipo sitisunga mangawa. Bambo anga ankangoti Yehova akudziwa pamene anagona. Ndiye mayi a ku Makhanga, funso lanu lija ifenso tinakula nalo.

Make Chisomo (Ngabu): Bambo a Tadala, ndakhala nanu pagulu pano nthawi yonseyi osadziwa. Ndilibe mawu.

Katekisiti wa ku Muona: Agogo anena zoona ndipo sindiwatsutsa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Zinatenga zaka 20 kuchokera pamenepo kuti mpingo ulankhule poyera. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika, ndipo mmodzi mwa osayina anali wathu wa dayosizi ya Chikwawa, Ambuye Felix Mkhori. Boma linati kalatayo ndi youkira, kupezeka nayo unali mlandu, maepiskopi anaitanidwa kupolisi, ena m'chipani ankanena poyera kuti aphedwe, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko. Pa 14 June 1993 tinavota pa referendamu. Timanyadira kalata ija, ndipo n'koyenera, koma a Mboni anali atalipira kale mtengo waukulu ali okha.

Mlamu wa ku Joni: Apa ndiye mwayamba kulankhula zomveka. Onjezanipo David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa konkuno, amene anaphedwa mu May 1983 limodzi ndi nduna zitatu, Gadama, Matenje ndi Sangala, n'kutiuza kuti inali ngozi ya galimoto pamsewu wa Thambani ku Mwanza. Sindikuti ndi maritiri wa tchalitchi. Ndikungoti pa 3 March timatchula a 1959 okha, ngati kupha anthu kunatha ndi azungu.

Koma poti mumati ine ndine wosapemphera, ndikuuzeni amene amandisowetsa tulo. Anthu 21 amene anadulidwa mitu pagombe la nyanja ku Libya mu February 2015. 20 anali Akhristu a Chikoputiki ochokera ku Egypt, mmodzi anali munthu wakuda, Matthew Ayariga, amene amati anali wa ku Ghana. Sanali ansembe kapena abusa. Anali anthu aganyu, omanga nyumba, opita kunja kukasaka ndalama zotumiza kumudzi, ngati ine ndi anzanga kuno. Ndikamakwera takisi m'mawa nthawi zina ndimadzifunsa kuti akanakhala ine ndikanati chiyani. Yankho silibwera.

Wakabaza Nchalo: Alamu lero mwalalikira 😄

Mlamu wa ku Joni: Usazolowere.

Wageni wa pa Marka: Libya ndi kutali. Tsidya linoli, ku Mozambique komwe timagula ndi kugulitsa tsiku lililonse, ku Cabo Delgado nkhondo ya zigawenga inayamba mu October 2017 ndipo matchalitchi atenthedwa, anthu adulidwa mitu, akhristu ndi asilamu omwe. Pa 6 September 2022 usiku anafika pamishoni ya Chipene m'chigawo cha Nampula n'kuombera sisitere wachikulire wa ku Italy, Maria De Coppi, wa zaka zoposa 80, amene anakhala m'dzikomo kuyambira 1963, kupyola nkhondo zonse ziwiri. Ife a ku Nsanje tikudziwa kuti kukavuta tsidya lija, kuno kumadzaza. Achikulire akukumbuka msasa wa othawa nkhondo wa Mankhokwe m'ma 1980, ndipo kumapeto kwa 2024 tinawaonanso akuwoloka ndi mitolo pamutu. M'mapemphero a pa 3 June musawaiwale amenewa, ndi abale athu, ena ndi apongozi athu enieni.

Namwino wa usiku: Ndangotuluka kuntchito, ndawerenga zonse. Ine woyera wanga ndi Benedict Daswa, ndipo ndikufuna ndinene chifukwa chake, ngakhale ena sakondwa.

Anali mphunzitsi wamkulu wa pulayimale ku Venda, kumpoto kwa South Africa, bambo wa ana 8. Mphenzi zitatentha nyumba zingapo m'mudzi mwawo, akuluakulu anagwirizana kuti aliyense asonkhe 5 randi akaitane sing'anga adzaloze mfiti imene yatumiza mphenzizo. Daswa anakana. Anati mphenzi ndi chilengedwe, ndipo sangapereke ndalama yoti ikaphetse munthu wosalakwa. Pa 2 February 1990, tsiku lomwe de Klerk, mtsogoleri wa dzikolo nthawi imeneyo, analengeza kuti Mandela atulutsidwa, anamutchingira msewu ndi mitengo madzulo, anamugenda, anamuthamangitsa mpaka m'nyumba ina, anamuphwanya mutu ndi chibonga n'kumuthira madzi owira. Mpingo unamulengeza kukhala wodala pa 13 September 2015.

Sanaphedwe ndi mfumu kapena zigawenga. Anaphedwa ndi anansi ake, chifukwa cha 5 randi. Ndipo ine kuntchito ndimalandira agogo otupa nkhope, othyoka nthiti, ukafunsa akuti adzukulu awo omwe awamenya chifukwa mwana wamwalira ndi malungo ndiye agogo ndi mfiti. Mu 2017 nthawi ya mphekesera za anamapopa tinaona anthu akuphedwa m'maboma a kum'mwera kuno chifukwa chongokhala alendo. Omenyawo ambiri ali ndi mayina a ubatizo. Kuno palibe amene angatiphe chifukwa chopita kutchalitchi Lamulungu kapena Loweruka. Koma yesani kuimirira pakati pa gulu lolusa n'kunena kuti agogowa musawakhudze, muone ngati mubwerako bwino.

Mtsikana wa Pente, Nsanje Boma: Koma anamwino ufiti uliko. Baibulo lomwe limanena.

Namwino wa usiku: Sindikukangana nawe za kuti uliko kapena kulibe. Ndikufunsa kuti amene waloza ndi ndani, waona bwanji, ndipo chifukwa chiyani nthawi zonse amakhala mayi wokalamba wamasiye wopanda mwana wamwamuna womuteteza? Sindinalandirepo mwini golosale atamenyedwa chifukwa cha ufiti.

Mtsikana wa Pente, Nsanje Boma: Kumenya ayi, pamenepo sindivomereza. Timapempherera basi.

Namwino wa usiku: Kupempherera kwina kumayamba ndi kutchula dzina la munthu pamsonkhano, mawa lake nyumba yapsa. Ndanena izi chifukwa pali nkhani pakali pano. Sinditchula mudzi kapena dzina. Mayi wina wachikulire tinamutulutsa dzana, mkono uli mu pulasitala, ndipo akuopa kubwerera kwawo chifukwa amene anamumenya akuti akadzabwera adzamaliza. Akugona pakhonde la mbale wake wa kutali amene nayenso akuopa. Nkhani ili kupolisi koma mukudziwa mmene zimayendera. Chimene chikufunika ndi anthu a ulemu wawo, a mipingo ingapo, apite kwa mfumu ya mudziwo akakhale pansi, anthu aone kuti mayiyu ali ndi omuyankhulira.

Mkulu wa mpingo wa Sabata, Bangula: Ndi mbali iti? Ngati ndi yofikika kuchokera ku Bangula ine ndipita, bola lisakhale Loweruka.

Katekisiti wa ku Muona: Nditumizireni kumbali anamwino. Ngati ndi tsidya lino ndikhoza kulankhula ndi a limana la kumeneko. Ngati ndi tsidya lanulo ndiyenera kuona za bwato, madzi sanaphwe bwino.

Make Chisomo (Ngabu): Amayi a mvano tikhoza kusonkha ufa ndi chitenje. Koma kwa mfumu musapite amuna okhaokha, mayiyo sangamasuke. Ine ndipita nawo.

Bambo a Tadala, Bangula: Pamsonkhano wa mipingo sindikhala nawo, mukudziwa mmene tilili. Koma ngati akusowa pogona masiku angapo, kuseli kwathu kuli chipinda, mayi a Tadala avomera.

Agogo a ku Tengani: Mukapita kwa mfumu musakayambe ndi mavesi. Mukapereke ulemu, mukafunse za odwala ndi za maliro a mwana uja kaye, chifukwa nawonso ofedwawo ali ndi chisoni chawo. Mukakalowa ngati apolisi mukamuphetsa mayiyo.

Mlamu wa ku Joni: Ya thiransipoti ndiponya pa foni Lachisanu ndikalandira. Anamwino mundipatse nambala kumbali.

Namwino wa usiku: Ndatumiza kwa aliyense payekha, pagulu pano tisalembe mudzi. Lachiwiri ndili ofu. Vuto ndi kumutenga mayiyo pomwe ali kukafika pamsewu, sangayende mtunda wonse uja ndi mkono umenewo.

Wakabaza Nchalo: Ameneyo ndi wanga. Ndifika 6 koloko dzuwa lisanakwiye. Koma muwauziretu kuti pakamlatho kaja kanagumuka adzatsike, tidzawoloke wapansi, njinga siwoloka ndi munthu pamenepo.